Nkhosa za Amayi ndi Mphongo Yobwera Pamachira

Amayi anga atamwalira sadandisiyire nsalu kapena mikanda yoti ndiziwakumbukira nayo. Adandisiyira khola la nkhosa, ndipo kwa ine lidaposa zonsezo. Adali masiku amene azungu adali atangomanga boma lawo ku Dowa, msonkho wa nyumba udakali wachilendo, anthu akuthawirabe m'mapiri akangomva kuti amesenjala akubwera. Mudzi wathu udali m'mbali mwa phiri, pamalo pamene nkhungu imachedwa kuchoka m'mawa ndipo mphepo ya mwezi wa Juni imalowa mpaka m'mafupa. Ine ndidali nditangokwatiwa kumene, mwana woyamba ali kumbuyo.

Sindinama, nkhosa zathuzo sizidali zokongola. Ubweya wake udali waufupi ngati wa mbuzi, zina zofiirira, zina zakuda zamawanga, timakutu tating'onoting'ono. Chimene zidali nacho ndi mchira. Mvula ikatha mchirawo unkadzaza mafuta mpaka kumalemera, nkhosa ikamathamanga n'kumadzimenya nawo m'miyendo. Chilimwe chikafika, tchire litapsa, mchira uja unkaphwa pang'onopang'ono koma nkhosa ili chiimire. Amayi ankaupapasa mchirawo monga momwe munthu amasuzumirira m'nkhokwe kuti aone ngati chimanga chifika m'dzinja.

Amayi adali ndi kasankhidwe kawo, kamene adakaphunzira kwa amayi awo. Nkhosa yaikazi ikatsimphina nthawi ya mvula, kapena ikatupa pansi pa chibwano, kapena ikalephera kulera mwana wake, ankangoiyang'anitsitsa. Alendo akabwera, imeneyo ndiyo inkakhala ndiwo. Mwana wake wamphongo ankamufula asadakule, kuti asadzakwere zinzake. Ndikawafunsa chifukwa chake ankati, "Make mbuu, mwana mbuu. Ukasunga mwana wa wodwaladwala wasunga matenda." Mphongo imene adandisiyira idachokera mwa nkhosa yomwe sidatsimphinepo chibadwire. Idali yofiirira, yamanyenje pachifuwa, yaukali ndi agalu.

Amuna anga adali mphunzitsi wa kasukulu ka mishoni m'mudzi mwathu, mkamwini wochokera kutsidya kwa mapiri. Adali munthu wabwino, ndipo izi ndikunena poyamba kuti musawaweruze msanga. Sadandikwezerepo dzanja, ndipo kulemba kumene ndikulembaku adandiphunzitsa ndi iwo, ndi chala pamchenga. Koma adali ndi nthenda yawo. Chilichonse chochokera kumishoni kwa iwo chidali chabwino kuposa cha kuno. Ngakhale mchere, ukakhala kuti wadzera m'manja mwa mzungu, ankati ukukolera bwino.

Tsiku lina adabwera kuchokera kumishoniko ndi amuna awiri atanyamula machira. Ine ndidathamanga mtima uli m'mwamba, kuyesa kuti muli wodwala. Pofika ndidapeza muli nkhosa. Idali yamphongo, yaikulu ngati mwana wa ng'ombe, yoyera, ubweya wake wopotanapotana kuyambira pamphumi mpaka m'miyendo, kamchira kake kopyapyala ngati ka galu. Mzungu wa kumishoni adali atabwera nazo zingapo kuchokera kwawo kum'mwera, akufuna kuti anthu aziwomba zofunda ndi ubweya, ndipo imodzi adawapatsa amuna anga chifukwa sukulu yawo inkayenda bwino. Idayenda theka la njira n'kukhala pansi, ziboda zitapweteka ndi miyala.

Mudzi wonse udasonkhana. Azimayi a m'mudzimo ankalowetsa zala mu ubweyawo n'kumakuwa. Amuna anga adaimirira pambali atavala jekete lawo lakuda, limene adalandira pomaliza maphunziro, akuwala nkhope ngati iwo ndiwo abereka nkhosayo.

"Mwaiona, amayi?" adatero kwa ine. "Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Zaka zitatu zokha, khola lonseli lidzakhala loyera."

"Ndaiona, aphunzitsi," ndidayankha. Ndinkawatchula choncho ndikafuna kuwabaya pang'ono. "Koma nkhosa yobwera pamapewa a anthu, m'dzinja idzayenda ndi miyendo ya yani?"

Anthu adaseka, iwonso adaseka nawo, koma ndidaona kuti zawalowa. Masabata otsatirawo nkhani idali imodzi yokha pakhomo, yoti mphongo ziwiri sizikhala khola limodzi, ndipo yanga iyenera kufulidwa kuti magazi abwino asasokonezeke. Ine ndinkakana. Tsiku lina ndidapita kudimba, ndipo pobwera ndidapeza mphongo ya amayi itaima kuseri kwa khola, miyendo itatangadza, pabala atapakapo phulusa.

Ndidakwiya kwambiri. Mwa mwambo wathu nkhosa zimenezo zidali zanga ndi mbumba ya amayi, ndipo mkamwini adalibe mphamvu yogwira ngakhale khutu la imodzi. Ndikadakauza alongo anga, amene adali nkhoswe ya ukwati wathu, ukadakhala mlandu wa pabwalo. Mphunzitsi wozengedwa mlandu wowononga ziweto za apongozi ake akadachotsedwa ntchito, mwinanso akadalozedwa njira ya kwawo. Ine amuna angawo ndinkawakonda, ndipo sindidafune kuti mwana wanga akule akumva kuti atate ake adapirikitsidwa chifukwa cha nkhosa. Choncho ndidameza mawu, n'kukhala masiku anayi osawayankhula kupatula powapatsa madzi osamba.

Koma padali chimene iwo sankadziwa, chifukwa munthu wa mabuku sayang'ana kumbuyo kwa nkhosa. Misoti iwiri idali itakweredwa kale ndi mphongo ya amayi isadafulidwe. Ndidadziwa kuti m'mimba ziwirizo ndimo mwatsala magazi osasakanizika, ndipo kukabadwa wamphongo ndiye kuti mtundu wa amayi wapulumuka.

Kwathu kuli mwambo woikiza ziweto. Munthu umatenga mbuzi kapena nkhosa zako n'kukazisiya kwa mbale wako wakutali kuti azikuwetera, kuti matenda kapena fisi akalowa khola lino, uko kutsale mbewu. Wokuwetera amapatsidwako ana ena zikaswana, ndipo palibe amene amadabwa nazo. Alongo anga adali pa chikamwini m'mapiri a Ntchisi, cha ku Kasakula, ulendo wa masiku awiri ukamakusa ziweto. Ndidamanga mwana kumbuyo, n'kuyamba ulendo ndi misoti yanga iwiri. Amuna anga adakondwa, poganiza kuti ndikuchotsa zachikale kuti zatsopano zipeze malo.

Alongo anga adandilandira bwino, koma adali munthu wa maso. Atazungulira nkhosazo adandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mlongo wanga, kumudzi kuli bwino? Nanga izi zili ndi bere, mwaziyendetsa mtunda wonsewu chifukwa chiyani?"

Apa ndi pamene ndidalakwa. Ndikadanena zoona, akadanyamula ndodo yawo tsiku lomwelo kukafunsa alamu awo. Ndiye ndidaseka n'kunena kuti, "Kuli bwino ndithu. Khola langochepa basi." Iwo adagwedeza mutu, tidadya, m'mawa mwake ndidabwerera mtima uli m'malo, ndikudziyesa wochenjera kuposa amuna onse awiri.

Ana oyamba a mphongo yoyera ija adabadwa akuluakulu, miyendo italiitali, ubweya wapakatikati. Adakula msanga kuposa nkhosa iliyonse imene ndidaionapo, ndipo m'dzinja loyamba palibe adadwala. Anthu ankachokera m'midzi ina kudzaona. Ndivomere, ngakhale ine mtima udagwedezeka, ndipo ndinkadzifunsa ngati amayi sadali kungokakamira zimene adazolowera. Amuna anga, poti adali opatsa, tiana tamphongo ankagawira aphunzitsi anzawo akamapita kumisonkhano, ine osafunsa n'komwe kuti kapita kwa yani. Kukabwera alendo a mpingo ankaloza nkhosa yachikale kuti iphedwe, ine n'kuvomera, poti ndinkadziwa kuti nkhokwe yanga ili ku Kasakula. Nditakumana ndi alongo anga pamaliro ena adandiuza kuti nkhosa zaswana bwino, ndipo sindidafunse zambiri.

Za ubweya musandifunse. Tinkaumeta ndi mpeni, nkhosa ikulira, ife tikutuluka thukuta. Udali wodzaza chisoso ndi timbewu ta udzu tobaya, moti kutola zimenezo kunkatenga masiku ambiri kuposa kupota. Zaka zonsezo zofunda zimene tidalonjezedwa zidathera pa kachipewa kamodzi, kamene amuna anga ankavala Lamulungu ngakhale kunkawayabwa.

Zinthu zidatembenuka pamene mphongo ija idakwera ana ake omwe. Adzukuluwo adabadwa oyera, aubweya ngati iyo, michira yopanda kanthu. Kenaka kudabwera dzinja la mvumbi, mvula yamawawa yosakata sabata ndi sabata. Nkhosa yathu yachikale ikanyowa imangodzigwedeza kawiri, madzi n'kuchoka. Izi ubweya unkamwa madzi ngati chiguduli, osauma, mpaka kuyamba kununkha. Ntchentche zidaikira pansi pa michira, mphutsi n'kumadya nyama nkhosa ili moyo. Ziboda zidafewa n'kuyamba kuola, moti zina zinkadya udzu zitagwada. Zidatupa pansi pa chibwano, zidatsegula m'mimba, m'maso mudayera. Yoyamba kufa nditaitumbula ndidapeza m'chifu muli tinjoka tofiira topyapyala ngati ulusi, tosawerengeka.

Nthawi imeneyo m'khola mudali mutatsala nkhosa zitatu za amayi, nkhalamba zosiya kubereka, zimene mpeni udazilambalala chifukwa nyama yake ikadakhala yolimba. Zinkadya dambo lomwelo, kumwa chithaphwi chomwecho, kugona pamatope omwewo. Palibe imene idatsimphina. Zamagazi atheka zidadwala koma zambiri zidadzuka, pamene zoyera zenizeni zinkagwa motsatizana. Mphongo ija idafa pakati pa dzinja, itaonda kutsala ubweya wokhawokha.

Amuna anga ankati mwina ndi udzu woipa, mwina munthu wina watichitira kaduka, ngakhale mawu achiwiriwa ankawanena motsitsa poti adali mkhristu. Ine ndidawatengera kukhola n'kuwalozera nkhalamba zitatu zija zikubzikula mosatekeseka.

"Udzu ndi womwewo, abambo," ndidatero. "Njoka za m'mimba izinso zili nazo, koma sizizipha. Dziko lino lakhala likupeta nkhosa zathu chiyambire makolo. Imene sinkatha mvumbi idafa kale isadasiye mwana, imene idatsala amayi n'kuisankhanso. Yanuyi idapetedwa kwawo, ndi mvula ya kwawo, ndipo kumeneko mwina ndi mfumu. Kuno yafika ngati mlendo wopanda chofunda."

Adatembenuka n'kubwerera kunyumba. Ine pamenepo ndidali wodzikhulupirira kwambiri, mwina mopitirira. Mvula itangokata ndidawauza kuti ndikukatenga nkhosa zanga ku Kasakula, ndipo njira yonse ndinkayenda ngati munthu wokakolola. Ndinkaganiza za mphongo yofiirira yamanyenje, yofanana ndi atate ake, imene ndidzaikusa kudutsa pakati pa mudzi dzuwa lili pamutu kuti aliyense aione.

Nditafika sindidalowe n'komwe m'nyumba, ndidalunjika kukhola. Ndidasuzumira. Mudali ubweya. Tinkhosa tochepa toonda, toyera, tina tikutsimphina, fungo lake lomwe lija ndidalisiya kwathu.

Alongo anga adabwera akupukuta manja. "Mwaona tsoka latigwera, mlongo wanga? Dzinja lino latitha."

"Izi zachokera kuti?"

"Si mphongo ija adatitumizira alamu? Chaka chotsatira mutabwera muja. Adati ndi mphatso, mbewu ya kumishoni, tikonzere khola lanu. Ine ndimayesa mudapangana."

"Nanga misoti yanga idabereka chiyani?"

"Amphongo onse awiri. Okongola, ofiirira ngati ya amayi ija."

"Ali kuti?"

Adayang'ana pansi. "Tidawafula itabwera yoyerayo. Wina tidadya pa chikumbutso cha apongozi anga, wina chaka chatha."

Ndidakhala pansi pomwepo, pandowe. Ndidalira ngati pamaliro, ndipo ndikulira ndidaulula zonse, za mphongo ya amayi, za phulusa pabala, za chifukwa chenicheni chimene ndidayendera masiku awiri ndi nkhosa za bere. Alongo anga adamvetsera mpaka kumapeto. Ndimayembekeza kuti akalipira alamu awo, koma adakalipira ine.

"Ndidakufunsani," adatero. "Ndidaima pompano n'kukufunsani ngati kumudzi kuli bwino. Mukadangoti, alongo, izi musazisakanize ndi china chilichonse, ndikadazisunga ngati diso langa. Mlandu tikadaukamba m'nyumba, ine si chilombo. Mudateteza amuna anu kwa ine, nkhosa za amayi n'kuzisiya poyera."

Adanena zoona. Pa misoti iwiri ija umodzi adaugwira kambuku. Winawo udalipo, tsopano nkhosa yachikulire yothothoka mano apatsogolo, itaima pakona yokha, yonenepa mchira pakati pa zodwalazo. Ndidaimanga chingwe n'kubwerera nayo.

Kunyumba ndidawauza amuna anga zonse, osakweza mawu, osasiyako kanthu. Ndidawauza kuti mphatso yawo yapha amphongo awiri omaliza, kuti bodza langa ndilo lidatsegula chitseko, ndi kuti magazi a amayi oti n'kuberekabe atsala mwa nkhalamba imodzi imene mwina yatsala ndi bere limodzi lokha. M'midzi yoyandikana nafe mphongo zonse zidali kale zosakanizika, chifukwa cha kupatsa kwawo komwe kuja.

M'mawa mwake adatseka sukulu, adavala jekete, n'kunyamuka osanena kumene akupita. Adatha masiku asanu. Adabwera atavala malaya okha m'mphepo ya Juni, akukoka kamphongo kakuda, kakafupi, koipa nkhope, kaubweya wosalala ngati mbuzi. Adakakapeza kupitirira ku Bowe, kwa mkulu wina wa gule amene adakana sukulu m'mudzi mwake, munthu yemwe amuna anga adamudzudzulapo pamaso pa anthu chifukwa cha ng'oma zake. Kumeneko n'kumene nkhosa za mishoni sizidafikeko. Mkuluyo adawasiya atakhala pansi pabwalo tsiku lathunthu asadawayankhe, kenaka adati mphongo atenge koma jekete litsale. Izi amuna anga adandiuza patapita zaka. Tsikulo adangondipatsa chingwe n'kunena kuti, "Ipapaseni mchira, amayi. Ine sindidziwa kusankha."

Ndidaupapasa. Udali wodzaza, ziboda zolimba ngati mwala, m'maso mofiira bwino. Ndidati, "Mwasankha."

Nkhalamba ija idatenga bere. Miyezi isanu imeneyo ndidaisamala kuposa mmene ndidadzisamalira ndekha pa mimba zanga. Poti mano apatsogolo idalibe, ndinkaiphikira gaga wofewa ndi kuithyolera masamba a mbatata kudimba. Idabereka mvula yoyamba itangogwa, m'mawa ndikusesa pabwalo. Ndidamva kulira kwake, ndidataya tsache, ndipo ndidapeza kamwana kofiirira kataima kale, kakugwedezeka, kakufunafuna bere. Ndidakatukula mwendo kuti ndione. Kadali kamphongo.

Chimwemwe chathu chidatha masiku asanu ndi limodzi. Make adali atapereka zonse zimene adali nazo. Mkaka udauma, adagona pansi, ndipo tsiku lachisanu ndi chiwiri adafa, kamwana kakumukankha ndi mutu kuti adzuke.

M'khola monse mudali nkhosa imodzi yokha ya mkaka. Idali yoyera, yaubweya, mdzukulu wa mphongo ya pamachira, imodzi mwa zochepa zimene zidapulumuka mvumbi, ndipo mwana wake adali atafa dzana lake. Nkhosa siyamwitsa mwana wa inzake, imamununkhiza n'kumugunda. Ndidasenda chikopa cha mwana wakufayo, ndidakaveka kamphongo kanga pamsana n'kumanga ndi luzi, kenaka ndidaitana amuna anga kuti adzagwire.

Adabwera, koma adaima pakhomo la khola. "Amayi, imeneyi ndi ya mtundu uja. Mkaka wake sukamuwononga? Ndawononga zambiri kale."

"Mkaka umadzaza mimba, abambo. Magazi adatenga kale kwa make ndi kwa atate ake, ndipo palibe bere lingawasinthe. Gwirani mutuwo."

Adagwada m'matope ndi buluku lawo la kusukulu, n'kukumbatira khosi la nkhosayo. Idalimbana, idaponda, idatembenuka kununkhiza chikopa chija nthawi yaitali. Ine ndidakankhira kamwanako kubere n'kukafinyira mkaka pakamwa. Kadaphonya kawiri, kachitatu kadagwira, kamchira n'kuyamba kuvina. Tidachita zimenezo katatu pa tsiku kwa sabata yathunthu, iwo kumutu ine kubere, ana a sukulu akudikira pansi pa mtengo. Tsiku lachisanu ndi chitatu tidapeza ikuyamwitsa yokha, palibe woigwira.

Dzinja limenelo mvumbi udabweranso. M'mawa uliwonse amuna anga ankayamba kukhola asadasambe, n'kukatukula ziboda za kamphongo kamasiye kaja chimodzichimodzi, kenaka n'kukapapasa pansi pa chibwano. Tsiku lina mvula itagwa masiku anayi osakata, sadabwereko msanga, ndipo ndidawatsatira. Ndidawapeza ataima pamvula, madzi akutsika m'malaya. Kamphongo kadali katatuluka panja, kadadzigwedeza kawiri, n'kuyamba kudya udzu.

"Kauma," adatero. "Amayi, taonani, kauma."